Mmene a Eltjo anadzigulitsira

M'tauni ya Noordzijl munthu wanzeru sankapereka dzanja kwa a Eltjo Bronsema. Moni ankawapatsa ndithu, koma wapakamwa, manja ali m'matumba, chifukwa aliyense wogwirana nawo chanza ankafika kunyumba atagula kanthu.

A Eltjo anakulira pamsika wa ng'ombe, kumene malonda sankafuna cholembera. Wogula ndi wogulitsa ankatambasulirana manja n'kumamenyana zikhatho, uyu akutchula mtengo wake, winayo wake. Chikhatho chikalira komaliza, ng'ombe yasintha mwini, ndipo panalibe loya kapena m'busa wotha kubweza malondawo. Msikawo unatsekedwa kalekale, koma dzanja la a Eltjo silinamve uthengawo.

Dokotala wina atangofika kumene m'tauni, anakumana nawo pamlatho n'kuwatambasulira dzanja mwaulemu wonse.

"Mwafika bwino, adokotala? Atsekwe mumawakonda?"

"Atsekwe? Eya, ndi mbalame zokongola."

Chikhatho chinalira.

"Ndi anu, awiri. Mukonze mpanda, wamphongoyo amaluma odwala."

Amene ankatsata pambuyo kupepesa anali a Remmert Dijkhuis, woimba limba m'tchalitchi. Anali munthu wofatsa, woti ukamuyamikira nyimbo ankayang'ana nsapato zake n'kunena kuti limbalo ndi labwino. Anakhala m'nyumba ya a Eltjo kuyambira onse awiri asanamere imvi, ndipo akafunsidwa ankati amachita lendi chipinda cham'mwamba. Tauni yonse inkadziwa kuti m'chipindamo munkagona anyezi ndi mbatatesi. Koma kwathu kuno munthu sitimuvula chovala chimene wadzisankhira, choncho mayi wogulitsa buledi ankangofunsa kuti, "Alandilodi adzuka bwanji?" A Remmert n'kuyankha kuti sanawaone m'mawawo.

Pa manja onse a m'tauni, limodzi lokha ndi limene a Eltjo analephera kuligwira pagulu, ndipo ndilo ankalifuna.

"Remmert, dziko linasintha. Anzathu akukwatirana masana dzuwa likuswa mtengo, ndi maluwa omwe."

"Akwatirane bwino."

"Ukuopa ndani? Akulu ampingo amene unkawaopa aja onse ali kumanda. Iwe wemwe unawaimbira limba powaperekeza."

"Sindikuopa. Kuonedwa ndiko sindifuna."

"Ndiye unalakwitsa posankha munthu wokhala naye."

Pamenepo a Remmert sankatsutsa. Ankakumbukira m'mawa wina wa kale, nthawi imene mwamuna wokonda mwamuna mnzake ankatha kuchotsedwa ntchito popanda womufunsira. Anadzuka n'kupeza lole ya a Eltjo italembedwa mawu achipongwe onyoza amuna otere ndi penti yofiira, zilembo zazikulu ngati zitseko. A Remmert anathamangira ndowa ya madzi ndi sopo. A Eltjo anatuluka ndi khofi wawo, anawerenga mwachifatse, n'kunena kuti wolembayo sanalakwitse chilembo ngakhale chimodzi. Anatenga penti yawo n'kuwonjezera pansi pake kuti, "ndipo amagula ng'ombe pamtengo wabwino." Loleyo anayenda nayo choncho misika yonse ya kumpoto mpaka pentiyo inasuluka yokha. Alimi ena anasiya kuwagulitsa ng'ombe. Ambiri anabwerera, chifukwa za mtengozo zinali zoona.

Nkhani ya tsiku limenelo a Remmert sanaikambepo kwa munthu, koma ankati akaikumbukira ali palimba, zala zinkasochera.

Phwando la chaka ndi chaka analiyambitsa ndi a Eltjo omwewo. Linkachitikira m'nkhokwe yakale ya tirigu, m'mbali mwa ngalande, ndipo ndalama zake zinkayendetsa nyumba yofikiramo achinyamata amene makolo awo awapirikitsa chifukwa cha amene amamukonda. Chaka chilichonse ankalemekeza munthu amene anaimirira anthu otere nthawi imene kuimirira kunali kowawa: mphunzitsi, namwino, loya wa othawa kwawo. Anthu ankadya nsomba ya mkunga yowamba, ankamva zolankhula, kenako a Eltjo ankakwera pansanja kugulitsa katundu amene anthu apereka, ndi amene sanapereke.

Chaka choyamba anthu anaphunzira phunziro lowawa. Namwino atalandira mphoto yake, onse anawomba m'manja, osaona kuti a Eltjo anyamula nyale yakale yopanda galasi.

"Yagulidwa. Mayi ovala zobiriwira uko, chikhatho chanu ndicho chalira komaliza."

"Ine ndimawombera namwinoyo."

"Namwino sitikugulitsa. Nyale yanu nayi."

Kuyambira pamenepo, phwando la ku Noordzijl linali lokhalo limene anthu ankayamika ndi mapazi. Munthu akalankhula zogwira mtima, holo yonse inkaponda pansi ngati gulu la ng'ombe likuwoloka mlatho, manja atawakhalira. Alendo okha ndiwo ankagwa. Bwana wina wochokera kulikulu, atasangalala ndi mawu ake omwe, anadziwombera m'manja, n'kupeza kuti wagula njinga.

"Koma njinga imeneyo ndi yanga. Ndaisiya pakhomo pomwe pano."

"Ndiye ubwino wake mukuudziwa, bwana. Sindikubisirani kanthu."

Analipira. Akuti pobwerera ankauza anthu m'sitima kuti sanaonepo munthu woba mwaulemu chotere.

Maphwando onsewa a Remmert ankawaonera kumbuyo, pafupi ndi pokoleka majasi. Ankafika paokha, ankachoka paokha, n'kukakumana ndi a Eltjo kukhitchini, ketulo itawira kale.

Ndiye chinafika chaka chimene a Eltjo anayamba kutha thupi. Jekete linayamba kuwalendewera, ndipo dokotala wa atsekwe uja ankafika kunyumba kawirikawiri. Wapampando wa phwando, Jantien Oosterhof, anabwera kudzawaona. Jantien anali mayi wojintcha woyendetsa basi, ndipo ndiye anali woyamba kugona m'nyumba ya achinyamata ija, atafika ndi zovala m'jumbo.

"Madala, chaka chino mphoto ndi yanu, ndipo musandivute."

"Ndiigulitsa."

"Tazokotapo dzina lanu. Agula ndani?"

"A Bronsema ndife ambiri m'dera lino, mwana iwe."

Jantien anatembenukira kwa a Remmert, amene ankathira khofi. "Patebulo lakutsogolo tasunga mpando wa wachibale."

"Ine ndine wa lendi chabe," anatero a Remmert.

Anadikira kuti a Eltjo aponye kamawu monga mwa masiku onse. A Eltjo anangoyang'ana pawindo. Zaka zonsezo a Remmert anali asanawamvepo atakhala chete, ndipo khofi anasefukira m'sosala.

Tsiku la phwando kunali kotentha, dzuwa likadali m'mwamba pamene anthu ankalowa. Kunabwera anthu amene anali asanaonekepo: alimi okalamba ovala masuti a maliro, amayi ndi akazi awo, abambo ndi amuna awo, ana ali pamapewa, ambiri mwa iwo odutsira m'nyumba ya achinyamata ija. A Remmert anakhala pamalo pawo, pafupi ndi majasi. Jantien analankhula mwachidule, ndipo mapazi anagunda mpaka fumbi la tirigu wakale linayamba kugwa kuchokera kudenga.

A Eltjo anakwera pansanja ndi ndodo, pang'onopang'ono. Analandira mphoto ija, anaitembenuza uku ndi uku ngati akuifuna chilema, n'kuiika pansi.

"Jantien akuti katundu watha. Akunama, watsala mmodzi." Anadziloza pachifuwa. "Nkhunzi yokalamba. Mano ochepa, mawondo otha, imaliza mkonono. Masiku ano siidya zambiri, ndiye siikuwonongerani. Sindikunamizani, siikhalitsa. Koma ili ndi khalidwe limodzi loipa: yatopa ndi kuwetedwa mobisa. Ikufuna woitenga aitengere pano, anthu akuona."

Anthu anaseka, koma kuseka kunathera panjira. A Remmert anamva makutu akutentha. Palibe amene anatembenuka kuwayang'ana, ndipo anadziwa kuti holo yonse ikulimbana ndi makosi ake.

Amene anaimirira anali mayi Hilje, mkazi wamasiye wogulitsa nsomba, amene anakwirira amuna awiri.

"Ine ndiitenga. Chipinda ndili nacho, ndiponso ndinkaisirira tili kusukulu."

"Mayi Hilje, mukudziwa bwino kuti nkhunzi iyi kwa inu ilibe ntchito."

"Pamsinkhu uwu, achimwene, ndi nkhunzi iti ili ndi ntchito? Bola izindiuza nkhani."

Anatchula mtengo wabwino ndithu, natenga ndodo yawo n'kuyamba ulendo wopita kunsanja, dzanja lili patsogolo. A Eltjo nawo anatambasula lawo.

A Remmert ankawadziwa munthu wawo. Chikhatho chikanalira, a Eltjo akanalongedza sutikesi tsiku lomwelo n'kukafera kwa mayi Hilje pakati pa fungo la nsomba, chifukwa chibadwire sanabwezepo malonda. Kenako anaona dzanja la a Eltjo. Linali litagwirapo nyanga za nkhunzi zolusa, linali litakunga chibakera pamaso pa anthu ofuna kutentha nyumba ya achinyamata ija, koma tsopano linali m'malere, lopanda woligwira.

Sanadziwe kuti anaimirira liti. Anangopezeka ali pakati pa matebulo, nsapato zikulira pamatabwa, holoyo itatalika ngati msewu wopita kunyanja. Anadutsa alimi, anadutsa dokotala, anadutsa mayi wogulitsa buledi amene anali atagwira pakamwa.

"Pepani, mayi Hilje, ndidutseko."

Anakwera pansanja. A Eltjo anawayang'ana ngati kasitomala wachilendo.

"Bwana uyu ndi wa lendi, ngati sindikulakwitsa. Tchulani mtengo wanu."

"Sindikugula."

"Ndiye tsikani, pali ena akufuna."

"Munthu sagula chake, Eltjo." Mawu anatuluka aang'ono, choncho anatembenukira kwa anthu n'kubwereza. "Uyu ndi wanga. Wakhala wanga chiyambire. M'chipinda cham'mwamba muja muli anyezi."

Chikhatho sanachimenye. Anangoligwira dzanjalo n'kulisunga.

Mayi Hilje ndiwo anayamba kulankhula, atatsamira nsanja, akupuma movutika.

"Mwatichedwetsa, a Remmert. Ndayenda pang'onopang'ono mmene ndikanathera, koma holoyi inatsala pang'ono kundithera. Ndikanatani naye munthu ameneyu?"

Wina anaiwala lamulo n'kuwomba m'manja. Wachiwiri anatsatira, kenako onse, ataimirira, alimi a masuti a maliro aja akuwomba ndi zikhatho zawo zokhakhala ngati akuswa nkhuni. A Eltjo anayang'ana manja onsewo ndi maso a munthu woona nsomba zikutuluka mu ukonde.

"Remmert, tandisiya pang'ono. Taona makasitomala onsewa."

"Sindikusiya."

"Pali tebulo ili, pali mipando..."

"Khala chete, ukulemekezedwa."

Mayi Hilje anapereka ndalama zawo ndithu, akuti kuthokoza kuti apulumuka.

Chilimwe chimenecho anthu ankawaona awiriwo pamsewu wa m'mbali mwa ngalande, akuyenda pang'onopang'ono, a Eltjo atakolowekedwa pamkono wa a Remmert. A Remmert ankayang'ana pansi monga kale, koma mkonowo sankauchotsa. Anthu anayamba kupereka moni mopanda mantha, poona kuti dzanja loopsa lija lagwidwa. A Eltjo ankadandaula kuti amangidwa ngati mbuzi, ndipo ankadandaula mokweza, kuti ndi a kutsidya amve.

Anamwalira nthawi yokumba mbatatesi, m'chipinda chapansi, zenera lili lotsegula. Pamaliro limba linaimbidwa ndi munthu wina, chifukwa a Remmert anakhala pabenchi yoyamba.

Tauni yathu ikuyenda bwino, sitingadandaule. Alendo amaimika njinga zawo n'kuzipeza. Phwando likuchitikabe, ndipo amene amagulitsa katundu tsopano ndi bambo waulemu wochokera kumzinda, amene amafunsa katatu asanatseke malonda. Ndalama zimapezeka, nyumba ija siinatsekedwe. Koma anthu amachoka msanga, ndipo pamlatho paja munthu umatha kudutsa tsiku lonse osakumana ndi chokuchititsa manyazi kapena chokafotokoza kunyumba. Tinkayesa kuti tinkamuthawa munthu uja. Tazindikira mochedwa kuti ambiri tinkadzera njira imeneyo dala.

Chaka chathachi pakhomo la phwando panaima mayi wina wosamukira kumene m'tauni, wolandira alendo. A Remmert atafika, anawafunsa mwaulemu kuti ndi ndani.

"Ndine namfedwa wa a Bronsema."

"Pepani kwambiri, bambo. Ndamva zambiri za iwo. Munakhala nawo nthawi yaitali?"

A Remmert anavula chipewa.

"M'nyumba, moyo wonse," anatero. "Panja, chilimwe chimodzi."