Chitseko cha a Yusufu a ku Kasiya

Inu aphunzitsi, mwatitopetsa nayo hotelo yanu ya ku semina ija. Khalani pansi ndikuuzeni ine Chimphonda za kulandiridwa kwenikweni, ndipo amene akuti ndinama anyamuke pompano, chifukwa ndikayamba sindiima.

Hotelo nanenso ndinagonamo, musaone chigamba pabondopa. Mwana wanga wa m'tauni anandilowetsamo, bedi lake lofewa moti nditangokhalapo ndinamira mpaka m'khosi, m'mawa alonda anachita kundivuula ndi chingwe ngati ng'ombe yogwera m'chitsime. Chakudya anabweretsa dzira limodzi lokha pakati pa mbale yaikulu ngati lichero, likundiyang'ana mwachisoni. Koma chimene chinandiwawa n'chakuti panalibe ndi mmodzi yemwe wondifunsa kuti kwathu mvula ikugwa bwanji, kapena ana ndawasiya bwanji. Mukumva?

Tsono tamverani za ku Kasiya. Chaka chimenecho Nachisale, mwana wa mlongo wanga amene anapita chitengwa ku Nambuma, anatumiza uthenga kuti banja lavuta, iye ndi mwamuna wake Lazaro sakuyankhulana, ndipo katundu wamanga kale. Nkhoswe yake ndine. Ndinakwera njinga pano pa Namitete kumwamba kuli bii, pa Nsaru madzi anali m'mawondo, pa Kabudula ndinkapalasa milamba ikukodwa m'masipoko, ndipo pofika pa Kasiya tcheni chinaduka.

Ndinabisala pakhonde pa golosale ina. Eni ake, a Yusufu, Msilamu wa ndevu zoyera, sanayambe ndi kufunsa dzina. Anangoti pakhonde pamausa nkhuku osati mlendo, n'kundikokera kunyumba kwawo kuseri. Akazi awo anatereka madzi osamba, zovala zanga anayanika, ndipo ine mkulu wa mpingo ndinapezeka ndili mu mkanjo wa a Yusufu. Anandiphera tambala wamkulu moti ntchafu imodzi tinadya nyumba yonse ndi anansi omwe, nthenga zake anafolera khola la mbuzi. Bedi lawo anandisiyira ine, iwo n'kukagona pa matumba a shuga.

M'mawa tinapeza mtsinje wadzaza, mlatho sukuoneka, ng'ombe za tsidya linalo zikuoneka ngati nyerere. Apa ndinataya mtima, ndipo ndinawafotokozera za Nachisale, kuti akangotuluka pakhomo paja ndi mtolo, basi ukwati watha. A Yusufu anangonyamuka. Analowa m'golosale, anatuluka ndi hamala, anazula chitseko cha nyumba yawo, chachikulu cha mlombwa, n'kuchisenza mpaka kumtsinje.

"Kwerani, a Chimphonda. Chitseko chimabwezedwa, koma banja likatha latha."

Ndinawafunsa kuti nanga akuba. Iwo anati akalowa akhala alendo.

Ndinakwera ine ndi njinga yanga yomwe, ndikupalasa ndi mthiko umene mayi aja anandibwereka, madzi akundizunguza, ndinadutsa pamwamba pa dimba ndikuthyola mondokwa wa kamba, mbuzi ina yokokoloka inakwera yokha n'kukhala pambali panga ngati yalipira, ndipo pakati penipeni ng'ona inagogoda kunsi kwa chitseko, ine ndinangoyankha kuti eni ake achokapo, iyo n'kubwerera mwaulemu. Mukumva? Ng'ona za kumeneko zinaleredwa bwino.

Madzi anakanditula pabwalo pa Lazaro penipeni. Nachisale anali ataima kale pakhomo, mtolo uli pamutu, mwamuna wake atafulatira. Ine ndinagogoda chitseko chimene ndinakhalira chija n'kuti, "Odi kuno." Ataona amalume awo mu mkanjo, mthiko kumanja, mbuzi pambali, anaseka onse awiri mpaka kugwirana kuti asagwe. Mtolo unagwa, ndipo palibe anaudzutsanso. Titakhala pansi ndinamva kuti Lazaro anagulitsa mbuzi ya mkazi wake osamuuza. Ndinamudzudzula monga nkhoswe, anapepesa atagwada, ndipo mbuzi ndinabwera nayo ija, popeza mwini wake sanapezeke, inalowa m'khola la Nachisale. Lero Nachisale ndi Lazaro ali ndi zidzukulu.

Madzi ataphwa ndinakweza chitseko pa ngolo kukabweza, koma a Yusufu anakana. Anati chichokereni m'nyumba mumalowa mphepo yabwino, alendonso sachedwa ndi odi, tsono ndikawapatse ana a ku Nambuma aja, pakuti chawo chinali chitadyedwa ndi chiswe.

Chili ku Nambuma mpaka lero. Mitambo ikangochita bii chimayamba kugwedezeka pa mahinjesi kufuna kumtsinje, moti Lazaro amachimangirira ndi chingwe dzinja lonse. Mukuseka eti, aphunzitsi? Kwerani njinga mukachione. Mukagone kwa a Yusufu, ndipo musakavutike kufunafuna pogogoda, palibe.