A Stephano ndi Mjeremani wawo

Sikisi koloko m'mawa uno ndinali kale pa mpope wakale wa ku Sadzi, mwana kumsana, foni m'manja, ndikuchonderera amayi anzanga kuti achotse kaye ndowa. Onse kuseka: "Loyce, mzimu wa a Stephano wakulowa!"

Kwa inu amene simunawaone, a Stephano anali mdala wopuma ntchito ku nkhalango ya paini kuphiri la Zomba, wojambula zithunzi amene sankajambula munthu. Zitseko, milatho, zitsa, makoma ogumuka, eya. Munthu, toto. Ukaima patsogolo pawo utatchena, umangomva: "Tasunthani mayi, mukunditchingira khoma."

Matendawa anawatengera kwa Mjeremani wina amene ankagwira naye ntchito kuphiriko. Pobwerera kwawo anawasiyira kamera, nayamba kutumizirana zithunzi za m'matauni mwawo. Mzunguyo ankangocheza, koma a Stephano anazitenga ngati mpira. Envulopu ikafika, mumsewu monse timadziwa.

"Wagoletsa! Mlatho wa zaka mazana anayi. Tibweza!"

M'mawa mwake uwapeze ali chagada pansi pa mlatho wa Mulunguzi, thalauza ili nyowee, anyamata a kabaza ataunjikana kuganiza kuti munthu wagwa.

Pa ukwati wa Juliana, mwana wa mchemwali wawo, abale anati tivutikirenji kufuna wojambula, malume alipo. Zithunzi zitabwera: chitseko cha tchalitchi, belu, chitseko chomwecho chakumbali. Mkwatibwi anaoneka chigongono chokha.

"Malume, nanga ine?"

"Iwe timakuona tsiku ndi tsiku. Chitsekochi chiswe chayamba kale, mawa kulibe."

Juliana sanawalankhule mpaka Khirisimasi.

Ine ndimagulitsa masitiroberi pa msewu wokwera kuphiri, ndiye ankapumira pamwala wanga. Tsiku lina ndinamusambitsa Precious wanga, kumudzoza mafuta mpaka kunyezimira.

"Agogo, chimodzi chokha."

Anamuyang'ana bwinobwino, kutsogolo ndi kumbuyo. "Mwana wabwino. Abwere akakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu."

Anajambula mwalawo n'kumapita.

Envulopu yomaliza inawapeza ali gone, miyendo itatupa. Munali chithunzi cha chitsime chakale cha pakati pa tauni ya Mjeremaniyo, maluwa atachizungulira. Nditapita kukawazonda ndinawapeza atachiika pachifuwa, nkhope ili khwinya, osati ndi ululu ayi.

"Tatsalira ndi chigoli chimodzi, amake Precious. Yankho ndili nalo, mpope wa ku Sadzi uja. Koma miyendoyi yandigulitsa."

Anatisiya mu Juni, kuzizira kuli pakati. Pamaliro tinafuna chithunzi chawo choika pabokosi. Tinakhuthula makatoni atatu, osachipeza. Juliana yemwe uja ndiye anasankha cha chitseko, akulira.

Chichokereni iwo, khoma likamagwa m'tauni muno limagwa lokha, popanda wolitsanzika. Mpopewo akuuzula Lolemba, akuti amangapo wina watsopano. Ndi chifukwa chake ndalawira, ngakhale masitiroberi akundidikira. Pajatu tsiku lomwe ndinakawazonda lija anandigwira dzanja, nandipatsa envulopu ija:

"Adilesi ndi imeneyo. Mukaujambule asanauzule, dzuwa likhale kumbuyo kwanu, mumutumizire. Zomba isagonje. Koma chonde amake Precious, mwanayo mumubereke kumsana, asaonekemo."