Maliro a Mafyuzi Atatu

Usiku wathawu ndalota maloto, anzanga, oti ndikapanda kuwanena anditupitsa mimba. A Kambalame, siyani kaye mawaya a galimoto ya eni akeyo. Inunso mayi Nachuma, tsekani kawindo ka shopuko pang'ono, ofuna masipeya adikire, safa.

Muyambe mwadziwa chimene ndinagona nacho. Mwana wathu Mwandida wachira ku Mzuzu, mwana wamkazi. Ndiye mukudziwa kuti mayi akunyumba, chigulireni chinjinga changa chamoto cha mabokosi m'mbali chija, zaka khumi ndi chimodzi tsopano, sanaikepo mwendo. Amangochitchula kuti “mkazi mnzanga”. Koma mdzukulu wabadwa, basi imawasanzitsa, ndiye anati, “Ndikwera. Koma muyambe mwaika nyale zoonera m'chifunga cha ku Chikangawa, osati kandulo yanuyo.” Ine kukondwa kwake, ndinakavina pang'ono kuseri kwa bafa.

Ndiye dzulo masana ndinamanga nyale ziwiri zatsopano kutsogolo, ndekha. Inu a Kambalame munati ndibwere nayo njingayo kuno, ine ndinati waya ndi waya, sizifuna digiri. Ndinakoka waya wofiira kuchokera pa fyuzi pansi pa mpando, kudutsa kunsi kwa thanki, mpaka ku switchi. Kuyatsa, ngwee! Kuigwedeza njinga pang'ono, thi, fyuzi yapsa. Kuika ina, thi. Yachitatu, thi. Ndinawatukwana mafyuziwo, sindinama. Kenaka ndinachita zimene timachita tonse, musandiyang'ane choncho: ndinapota kawaya ka kopa n'kumanga pamalo pa fyuzi. Nyale zinayaka osazimanso, ine n'kukagona ndikudziyesa injiniya, ulendo uli wa lero m'mawa.

Ndiye ndikulota ndili panjinga ndekha, kunja kutacha bwinobwino, msewu wathu womwewu wochoka ku Luchenza. Mwadzidzidzi masamba pamsewu, aja timayala pakagwa zovuta. Ndatsika, ndavula chipewa, ndayamba kukankha. Njinga n'kutembenuza chiwongolero kundiyang'ana.

“Musavutike n'kukankha, bwana. Malirowa ndi akwathu komwe.”

Ndiye yakhota yokha, ine pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Kufika, siwa ili pakhomo panga pomwe, kungoti khonde latalika mpaka ku Thyolo. Okhuza maliro thithithi. Masipanala akhala kumbali ya amuna motsatana misinkhu, mababu avala zoyera kumbali ya amayi akuimba motsitsa. Indiketa wakumanzere akalira n'kutopa, wakumanja akulandira. Hutala ndiye analira mosokoneza mwambo mpaka anachita kumutengera kuseri kwa nyumba.

Ndakhala pansi pafupi ndi pulayala, ndamunong'oneza, “Achimwene, watisiya ndani?”

Pulayala watsegula kukamwa, watsekanso. Kenaka akuti, “Mukufunsa inuyo?”

Pakati pa bwalo pali mabokosi atatu a machesi, aliyense nkhata yake ya tepi yakuda. Ndiye waimirira Batire, munthu wamkulu, wolemera, chipewa chofiira paphewa ili, chakuda paphewa linalo. Watsokomola.

“Ndaima pano m'malo mwa banja kuti ndipereke mbiri ya malemu. Anawa anali mafyuzi, a bere limodzi. Woyamba wagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi osapemphako tchuthi. Wachiwiri wagwira mphindi ziwiri. Wachitatu sanakhale n'komwe pansi.”

Amayi a mababu aja kulira kuti mayo! Ine ndangoweramitsa mutu, ndikuwerenga nyerere, chifukwa maso onse anali pa ine.

Mwadzidzidzi yaima galimoto yopanda nyale ngakhale imodzi, mwatuluka bwana wa suti, faelo kukhwapa. Akuti ndi Mkulu Woona za Kuwala ndi Mdima, wabwera kudzalengeza chimene chapha malemu. Pambuyo pake kalaliki wanyamula chidindo. Bwana uja watsegula faelo, wayamba, “Malinga ndi ndime yachitatu...” ndiye magalasi agwa, maso akunka nachepa, mano awiri akutsogolo akutalika, suti yamera ubweya. Pofika ndime yachinayi, munthu uja ndi mfuko, tayi ili m'khosi. Kucheuka kwa kalaliki, wasanduka bilimankhwe, dzanja la chidindo likupita kutsogolo, likubwerera, likupitanso, pepala osalifika.

Ine ndalephera kupirira. “Pepani bwana, mumaona bwanji za kuwala, maso ake amenewo?”

“Ine ndimaona mbali ya mdima. Wa kuwala ali ku semina. Inu ndinu mwini njinga?”

“Ndine.”

“Chimene chawapha chili kunsi kwa thanki. Tsogolani.”

“Ndidzera pati?”

“Ndiye tsatani.”

Ndiye wayamba kufukula pakati pa bwalo pomwepo, dothi likundithira kumaso, ine ndikukwawa pambuyo. Una uja pang'onopang'ono wasanduka wachitsulo, ndiye ndazindikira kuti tili m'mimba mwa njinga yanga, ine ndachepa ngati chiswe. Pamwamba pathu denga ndi thanki, petulo akumveka khuvu khuvu. Pakona ndapeza munthu wagona chammbali, wapanikizika pakati pa denga ndi chitsulo, malaya ofiira ang'ambika paphewa, mnofu wa kopa uli pamtunda. Anali waya wanga uja.

“Mwabwera, bambo? Munandipana ndinu pobwezera thanki. Ndinakuwa, koma munali mukuimba mluzu.”

“Pepani, sindinaone.”

“Njinga ikangogwedezeka, phewa langali limakhudza chitsulo, moto n'kuthetheka. Ana aja akaona choncho ankadzidula okha kuti moto usakule n'kudzutsa awa.”

Waloza ndi mlomo. Pafupi pomwepo, mpata wake chala chimodzi, paipi ya petulo ili mtulo, ikuliza mkonono, kukamwa kukuchucha dovu.

Ine mawu atsika okha. “Nanga pano akulondera ndani?”

Mfuko uja wandikoka buluku. “Mlonda wanu watsopano. Bwerani mumuone, ndi wakhama.”

Ndiye tili pageti. Pampando wandalema pakhala kawaya ka kopa kaja, kanenepa usiku umodzi, magalasi akuda kumaso, kakudya chakudya cha pamaliro. Pageti pakudutsa moto. Moto weniweni, anzanga, uli pamzere, wina wasenza sutikesi, wina wabereka mwana, wina akukankha wilibala. Mlonda akungoti, “Dutsani, dutsani, moni kunyumba.”

Ndakalipa. “Iwe! Ukulowetsa aliyense bwanji?”

Wanditsitsira magalasi. “Bwana, munandilemba ntchito chifukwa sindikana. Okana aja si munawatukwana dzulo?”

Ndisanayankhe, mwadzidzidzi tili ku Chikangawa. Mitengo ya paini mbali zonse, chifunga choti ukatambasula dzanja sukuliona. Ndili pachiwongolero, ndipo m'chiuno mwanga muli manja. Kuyang'ana pagalasi, amake Mwandida! Akwera, anzanga. Andigwira zolimba, kumsana abereka kamtolo ka shawelo imene akhala akulukira mdzukulu miyezi itatu. Ndayatsa nyale zija, ngwee! Chifunga chadzidzimuka, chanyamula chitenje chake n'kupatuka. “Pepani, pepani, sitinadziwe kuti ndinu.” Anyani m'mbali mwa msewu aimirira n'kuchita sawasha. Ine mtima mbee, ndikuti moyo ndi umenewu.

Ndiye mayi aja andiyandikira kukhutu.

“Bambo a Mwandida, njingayi ndinkangoida chabe. Ndi yabwino. Ngakhale mpando wake ukufunda.”

Mpando kufunda? M'mphepo ya ku Chikangawa? Pomwepo fungo la pulasitiki yopserera landilowa m'mphuno. Kutsogolo ndikuona mabampu akubwera okha kudzatichingamira, atagwirana manja. Ndaponda buleki, buleki akuti, “Ndili kumaliro, bwana, ndibwera mawa.” Ndikuti ndikuwe kuti tsikani, pakamwa panga pakulungidwa tepi yakuda. Bampu loyamba, gu! Pansi pa thanki, phethi. Lachiwiri, gu! Mkonono wa paipi uja wasiya.

Ndakhala ndikuchita mantha pamoyo wanga, koma awa anali ena. Sindinkaganiza za ine. Ndinkaganiza za munthu amene wakana zaka khumi ndi chimodzi, lero wandikhulupirira, ndipo ine ndamukhazika pambaula.

Ndiye ndamva mawu a Batire kuchokera pansi pa mpando: “Tsopano ndi nthawi yoona nkhope.”

Mabokosi atatu a machesi aja ali pachiwongolero panga, atseguka okha. Malemu adzuka, akhala tsonga, mimba zakuda ndi utsi, kamtsempha ka pakati kali kodukaduka. Wamkulu uja, wa zaka zisanu ndi zinayi, wandiyang'ana wopanda mkwiyo ngakhale pang'ono.

“Ife pakamwa tilibe, bambo. Tikafuna kunena kuti pali vuto, timafa. Tinakuuzani katatu.”

Tepi ija yamatuka yokha. “Ndinakutukwanani,” ndatero, misozi ili chuchuchu.

“Aliyense amatitukwana,” akutero wachiwiri. “Zoyamikiridwa ndi nyale. Ife amangotidziwa tsiku la maliro.”

Ndiye ine, njinga ikuthamanga choncho, ndasiya chiwongolero, ndagwada pathanki, ndikuomba m'manja mwaulemu ngati ndili kwa apongozi. “Zikomo. Zikomo, ana a eni. Mwandisungira mkazi wanga, mwasungira mwana wa Mwandida agogo ake. Zikomo kwambiri.” Ndinathokoza kuchokera pansi pa mtima, kuposa mmene ndinathokozera adokotala amene anandichotsa dzino.

Wachitatu uja, amene sanakhale n'komwe pansi, wakanda m'mutu.

“Zikomoyo tamva, bambo. Koma kachotseni mlonda wanu uja. Ife kufa kawiri sitingathe.”

N'kugona onse, mabokosi tseke. Kutsogolo kukubwera bampu lalikulu, gogo wa mabampu onse, ndi ndodo yake. Ine ndapisa dzanja pansi pa mpando, pakati pa miyendo yanga, ndamugwira mlonda pakhosi. Kutentha kwake! Akuti, “Bwana, tikambirane!” Ine osasiya. Ndikukoka, zala zikupsa, iye akulira, tswiii, ndikukoka, tswiii, tswiiii...

Kutsegula maso, ndi zipi. Amake Mwandida agwada pachikwama pakati pa chipinda, akulimbana ndi zipi yokana kutseka, kunja kwayera kale.

“Dzukani, bambo. Mumati tinyamuka m'mamawa.”

Sindinasambe n'kumaso komwe. Ndinatuluka ndi sipanala, kuchotsa kawaya kaja n'kukaponya kutali, kumasula thanki, kuinyamula. A Kambalame, waya uja ndinamupeza. Wapanika pachitsulo, khungu lasendeka, kopa ali pamtunda, pachitsulopo pada bii ngati pansi pa poto. Paipi ya petulo ili pomwepo, chala chimodzi.

Ndinakhala pansi padothi. Kenaka ndinawaitana mayi aja. Ndikanatha kubisa, koma ndinawaonetsa, n'kuwauza zonse, za mafyuzi, za kutukwana, za kawaya. Mumtima ndinali nditavomera kale kuti basi, akakwera basi yawo yowasanzitsayo, ndipo njinga yanga sadzaiyang'ananso mpaka kufa.

Anawerama, anakhudza pakuda paja ndi chala, n'kuchiyang'ana chalacho nthawi yaitali. Kenaka analowa m'nyumba. Ine ndili pansi pomwepo, ndikumva zitseko za kabati. Potuluka, anzanga, atuluka atavala chipewa cha njinga pamwamba pa duku, chikwama m'manja, n'kukhala pakhonde.

“Mukanakhala munthu wobisa, sindikanakwera. Pitani mukatenge a Kambalame. Ndikudikira.”

Ndiye ndi zimene ndadzera wapansi m'mawa uno. A Kambalame, nyamulani zida zanu, mukayale mawaya aja mwaukatswiri wanu, ine ndizikangokupatsirani sipanala, sinditsutsanso. Mayi Nachuma, tsegulani kawindo kaja mundipatse mafyuzi asanu, ndipo muwagwire bwino, musawaponye pakauntala. Tiyeni msanga, abale, munthu uja chipewa chija wakana kuvula, ndipo dzuwa lakwera.