Tsiku lomwe ndinatcha mlamu wanga esquisito

Mpaka lero apongozi a mng'ono wanga akandiona amayamba aseka kaye, moni pambuyo. Sindiwada. Ndinaziyamba ndekha.

Mng'ono wangayo, Yohane, anapeza mbeta dzina lake Rosa, wa ku Angonia ku Mozambique, amene amagulitsa zitenje pa Dzaleka ndi mayi ake. Chichewa amayankhula ngati ife tomwe, kungoti apa ndi apo amathiramo Chipwitikizi. Pa chinkhoswe abale anasankha ine kuti ndiyankhulire banja, poti ndine mphunzitsi wa Chingelezi ku Ntchisi (ndipo sindilola munthu kuiwala zimenezo).

Ndinavala suti yobiriwira, tayi yofiira ndi nsapato zoyera. Titafika, mayi a Rosa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunong'oneza achemwali awo kuti, "Esquisito."

Khutu langa silinaphonye. Pa Chingelezi pali liwu lakuti exquisite, lonena chinthu chokongola mopambana. Ndinati zinenero za azungu n'zapachibale, mayiwa agoma nayo suti. Liwulo ndinalisunga.

Nthawi yanga itakwana ndinaimirira. "Makolo athu, ife akuchimuna takondwa. Mwana wanuyu ndi esquisito. Nkhope esquisito, mayendedwe esquisito."

Akwathu anawomba m'manja (sankadziwa kanthu, ankangondikhulupirira). Kuchikazi kunali zii. Ndinaganiza kuti sanamvetse, ndiye ndinawonjezera: "Ndipo taona mayi ake, tadziwa kumene anatengera."

Malume a Rosa anatola chipewa chawo. "Ngati mwana wathu mukumuona choncho, tibwerera naye."

Yohane anazyolika. Rosa anadzagwada pafupi nane. "Alamu, liwuli mwalitenga kuti?"

"Kwa mayi anu. Amayamikira suti yangayi."

Mayi aja anagwira pakamwa.

"Alamu," anatero Rosa motsitsa mawu, "esquisito ndi chinthu chosadziwika bwino, chooneka modabwitsa. Pa Chingelezi chanucho ndi weird."

Oyamba kuseka anali mayi ake aja, mpaka misozi. "Achimwene, khalani pansi," anauza malume aja. "Wolakwa ndine, ndinajeda suti ya aphunzitsi." Mwambo unapitirira, ine nditakhala kumbuyo, jekete nditavula.

Banjalo lilipo, likuyenda bwino. Ndinalumbira kuti liwu la eni ndizifunsa kaye ndisanalitole. Posachedwapa Rosa wandionetsa khanda lawo, akuti lafanana nane, ndi engraçado. Ndinathokoza kwambiri. Tanthauzo lake sindinafunse, ndipo amene mukulidziwa musandiuze.