Mwendo Unachira Ndalama Zisanafike

Njinga yamoto inandigunda kamodzi kokha. Mavuto enawo ndinawaitana ndekha, ndipo mukamva musaseke kwambiri.

Inali nthawi imene azungu a minda ya tiyi anayamba kuyenda pa njinga zimenezi. Ndikuchokera ku Limbuli, dengu la nandolo lili pamutu, ndinangomva thuthuthu kumbuyo, kenaka ndinapezeka m'ngalande, mwendo utapindika, nandolo ali mbwee mumsewu. Madzulo ake mzungu amene anandigundayo anatuma kapitawo wake, a Namakhwa, amene tinkapemphera nawo mpingo umodzi.

"Bwana akuti adzakulipirani masiku onse amene simugwira khasu," anatero. "Koma mudikire abwereko ku Blantyre."

Lonjezo limenelo ndinayamba kulidya tsiku lomwelo. Amuna amene anandinyamula pamachira kupita kuchipatala ndinawalonjeza nkhuku. Kwa mmwenye wa sitolo ndinakongola mchere ndi sopo, ndiponso nsalu ya akazi anga, mai a Estere (nsaluyo sinali mankhwala, ndikuvomera). Wokhometsa msonkho wa nyumba ndinangomuonetsa mwendo.

Mzungu uja osabwera. Azimayi a mumpingo ankafika kudzandipempherera, ndipo Ambuye, amene sadikira za ku Blantyre, anayankha msanga. Ndinakadziyesa kuseri kwa nkhokwe, n'kupeza kuti ndikulumpha ngati mwana wa mbuzi.

"Ndodoyo musataye, bambo a Estere," anatero akazi anga. "Mukataya, msonkho mulipira ndi chiyani? Akatigwetsera nyumba tikagona kutchalitchi?"

Ndiye ndinkatsimphinabe pamaso pa anthu (ndinkadzitonthoza kuti Yakobo nayenso anatsimphina ali wodalitsika).

Lamulungu lina mphunzitsi analalikira za akhate khumi aja, kuti amene anabwerera kudzathokoza anali mmodzi yekha. Anafunsa kuti enawo ali kuti, maso ake akuyendayenda pa ife. Iye sankadziwa kanthu, koma ine thukuta kamukamu. Mai a Estere, ali kumbali ya azimayi, ankandipukusira mutu. Ndinawerama, mtima osaleka kutentha. Posakhalitsa ndinali nditaimirira, ndodo nditaponya uko, ndikupita kutsogolo n'kumafuula kuti Ambuye andichiritsa. Nthungululu zinalira, nyimbo inayamba, ndipo amene anaimba mokweza koposa anali a Namakhwa.

Titatuluka anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Mulungu ngwamkulu, achimwene! Nanga mwachira liti, kuti ndikawauze bwana?"

Tinali titaima pakhomo penipeni pa tchalitchi. Bodza likanatulukira pati?

"Tikukolola mapira muja," ndinatero chapansipansi. Mapirawo tinali titamwa kale thobwa lake.

Bwana anawerengera masiku mpaka pokolola mapira basi, ndiye ndalama zimene zinabwera zinangokwanira mmwenye ndi nkhuku zija. Kuti ndipeze msonkho, a Namakhwa anandipatsa ntchito yopalira tiyi wa mzungu yemweyo, ndipo m'mawa uliwonse ankandilandira ndi mawu okweza: "Apatseni khasu lalikulu awa, anachiritsidwa!"

Nyumba sinagwe, ndipo mpaka lero ine ndimati ndinachita bwino. Koma mai a Estere amati Mulungu si wogontha, amamva ngakhale kuthokoza kwa chamumtima, ndikanatha kumuthokoza nditakhala phee pabenchi. Ndakhala ndikufufuza vesi loti ndiwayankhe nalo, sindinalipezebe.