Njoka Yanga ndi Amalume a Agnesi

Lolemba

Ndagula njoka. Ili apa patebulo m'bokosi lagalasi, yakuda ndi mizere yoyera, kutalika kwake ngati lamba wa thalauza. Ndikuiyang'ana, nayo ikundiyang'ana, ndipo sindikuopa ngakhale pang'ono.

Ochititsa zonsezi ndi a Phiri a ku Wheaton, amalume ake a Agnesi. Makolo a Agnesi ali ku Dowa, ndiye kuno ku Amereka mawu onse pa nkhani ya chinkhoswe chathu ali m'kamwa mwa amalumewo. Mwezi watha pa pikiniki ya Amalawi ndinaponda paipi yothiririra maluwa m'kapinga, n'kungopezeka ndili pamwamba pa tebulo, mbale ya mpunga ili m'manja. Anthu anaseka, n'kuiwala. Amalume sanaseke. Anafunsa Agnesi, ine ndikumva: "Mwana wa m'tauniyu ndi amene akakusunge?" Chiyambire tsikulo, akamva za chinkhoswe amangoti tiona.

Loweruka akubwera kuno ku Takoma Park ndi akazi awo kudzaona mmene ndimakhalira. Adzandipeza nditakhala pa sofa, njoka ili m'khosi, ndikuwerenga nyuzipepala. Tidzaone amene adzakwere tebulo!

Mzungu wa kusitolo ya ziweto akuti dzina lake ndi kingisineki, mfumu ya njoka, chifukwa imameza njoka zinzake. Akuti ilibe ululu. Pamenepo ndamufunsa mobwerezabwereza mpaka watopa nane. Malangizo ake:

Sabata yoyamba ndisaigwire, iyambe yazolowera.
Mbewa zake ndizisunga m'firiji, kumtunda koundana kuja.
Ndikagwira mbewa ndisambe m'manja ndisanayandikire njoka.
Pachivundikiro ndiziika cholemera.

Cholemera ndaika buku langa la zachuma, lomwe lapeza ntchito tsopano. Koma za sabata yathunthu aiwale, ine ndili ndi Loweruka. Ndaipatsa dzina loti Bwana. Agnesi sindinamuuze, adzangoona.

Lachiwiri

Tsiku lodyetsa. Ndatulutsa mbewa imodzi m'thumba la pulasitiki. Zoyera mbee, zonenepa, zouma gwaa. Ndaiviika m'madzi ofunda m'kapu imene sindidzamweranso tiyi.

Ndinene zoona, ine mwana wa kalaliki wa ku Zomba sindinagwirepo mbewa chibadwire. Za pampani zija ndinkangoziona pawindo la basi popita ku Lilongwe, n'kuyang'ana kumbali. Lero ndaigwira ndi chopanira nyama, dzanja lili kutali ngati ndikusonkha moto wa udzu.

Ndaigwedeza pamphuno pa Bwana. Watulutsa lilime, walibweza, wakalowa pansi pa nyuzipepala. Ndaivinitsa mbewa ija uku ndi uku, mpaka ndayesa kulira ngati mbewa. Palibe. Ndikuti ndi ulemu chabe. Mlendo wabwino sayamba ndi kuthamangira mbale.

Tembo, mnzanga wa ku Lusaka wa m'chipinda chapamwamba, watsika kudzabwereka shuga. Waona bokosi, wabwerera chafutambuyo mpaka pakhomo. Akuti, "Iwe, njoka mu nyumba? Bantu bazakamba ati ndiwe mfiti." Ndamuuza kuti kuno ndi ku Amereka, ana asukulu amaweta zimenezi. Akuti, "Ana ba bazungu." Shuga wamusiya.

Mbewa ija ndataya. Zotsala zikadali zambiri, ndaziika kuseri kwa nkhuku.

Lachitatu

Yandiluma.

Ndilembe mwadongosolo, chifukwa cholakwa si cha Bwana kwenikweni. Ndasungunula mbewa ina. Chopanira chinali m'sinki, ndiye ndaigwira ndi manja, poti ndazolowera tsopano. Bwana wakananso. Ndiye ndati, chabwino, kudya wakana, tiyeni tiphunzire kugwirana. Za kusamba m'manja ndazikumbukira chala chili kale m'kamwa mwake.

Ilibe ululu, inde. Koma palibe amene anandiuza kuti sisiya. Yagwira chala chamkombaphala, yadzikulunga padzanja, yayamba kutafuna modekha ngati munthu amene walipira chakudya chake. Ndathamanga nayo kuchipinda, ndabwerera, ndalowa kubafa, ndatuluka. Ndaitana amayi anga amene ali ku Zomba. Pomaliza ndatsegula mpopi wa madzi ozizira n'kuimika mutu wake pamenepo, ndiye yasiya monyinyirika.

Timabala tating'ono tozungulira, magazi ochuluka kuposa bala lake. Ndatsuka ndi sopo, ndamata pulasitala.

Poganiza bwino, lero ndapambana. Dzana sindikanatha kuikhudza, lero ndayenda nayo nyumba yonse ili padzanja. Chatsala n'kuti tizigwirizana amene akugwira mnzake.

Agnesi waimba foni. Akuti amalume afunsa ngati ndili ndi mipando yokwanira, kapena onse adzakhale patebulo. Ndaseka nawo. Aseke lero.

Lachinayi

Ndasamba m'manja mpaka m'zigongono. Ndavala magolovesi a nthawi yachisanu. Ndavalanso shati yoyera ya Loweruka, kuti Bwana aizolowere.

Ndamunyamula. Mchira ukunjenjemera panyuzipepala, phokoso lake ngati la mphepo m'masamba ouma. Kenaka wandithira chinthu kuchokera kumchirako. Fungo lake sindingalilembe. Shati ndaichapa, ndaichapanso, ili pakhonde, ndipo ngakhale mbalame zikuilambalala.

Maso ake asintha, achita mbuu ngati a nkhalamba. Ndaimbira kusitolo. Mzungu uja akuti ikufuna kufundula. Akuti ikatero siona bwino, siidya, ndipo imaluma chilichonse. Wandifunsa ngati ndakhala ndikuisiya yokha monga anandiuzira. Ndati pafupifupi.

Dongosolo lasintha pang'ono, koma mutu wake ndi womwewo. Za m'khosi zija zinali zachibwana, munthu wofuna banja sachita masewera otero pamaso pa akuluakulu. Bwana adzakhala m'bokosi mwake patebulo, ine pambali pake, dzanja lili pachivundikiro, ndikufotokoza za kadyedwe kake. Kulimba mtima kwa munthu wophunzira n'kumeneko.

Madzulo ano ndikuwerenga, mayeso ali pafupi. Buku la zachuma ndalichotsa pachivundikiro kwa kanthawi kochepa.

Lachisanu

M'bokosi mulibe kanthu!

Chivundikiro chasendera chala chimodzi chokha. Nyama yosaona, yosadya chiyambire Lolemba, mphamvu yazitenga kuti?

Mmene ndafunamo: pansi pa bedi, m'nsapato zonse, kuseri kwa firiji, m'uvuni, m'sutikesi imene ndinabwera nayo, m'thumba la ufa. Ndapeza sokosi yotayika chaka chatha ndi kaseti ya kwaya. Bwana ayi.

Ndapempha Tembo kuti adzandithandize. Wayankhira kuseri kwa chitseko chake kuti adzandipempherera.

Kusukulu sindinapite. Ndikuyenda m'nyumba mwanga momwe ngati wakuba, kukweza phazi lililonse. Lamba wanga wagwa pampando, ndipo ndapezeka pamwamba pa tebulo. Mwayi palibe wandiona.

Kuimitsa ulendo wa mawa sikungatheke, amalume angati ndathawa. Bokosi lagalasi ndalibisa m'kabati ya zovala. Ndasesa, ndakolopa, ndagula zakumwa. Mawa ndi tsiku wamba, mnyamata wamba akulandira alendo. Njoka ikafuna ulemu wake, ikhale kumene iliko. Ndili ndi mantha, ndivomere, koma osati a njoka. Ndikuopa kuti Agnesi atopa n'kudikira tiona.

Loweruka

Afika masana. Amalume avala suti ndi tayi, akhala pa sofa ngati woweruza. Ine maso ali pansi, kuyang'ana m'makona. Mayi Phiri akunong'oneza Agnesi kuti mnyamatayu ali ndi ulemu, sayang'ana akulu m'maso.

Mafunso: sukulu itha liti, ndidzabwerera kumudzi kapena ayi, kwathu timalima chiyani. Ndati bambo anali kalaliki. Amalume angoti, "Hmm."

Agnesi watenga jekete la amalume kukapachika. Mayi Phiri alowa kukhitchini kukafuna madzi oundana oika m'zakumwa. Ndamva firiji ikutseguka. Ndamva nkhuku ikusunthidwa. Kenaka Mayi Phiri aitana amuna awo.

"Bambo a Chisomo, tabwerani mudzaone kuno."

Amalume abwerako atanyamula thumba la mbewa lija ndi manja awiri ngati khanda. Ndatsegula pakamwa kuti ndifotokoze zonse, koma ndaona nkhope yawo. Maso ali ndi misozi. Akuti chichokere ku Dowa sanalaweko, akhala akuzilota, anafunsapo m'masitolo onse a ku Wheaton mpaka anachita manyazi.

"Mwazipeza kuti, achimwene?"

Achimwene! Ndati pali mzungu wina amene amandisungira. Si bodza.

Mayi Phiri akayikira kuti bwanji n'zoyera chonchi, si makoswe amenewa? Amalume atembenuza imodzi, aona mchira, aona mano, agamula kuti ndi mbewa zenizeni. "Kuno n'kwa azungu, mayi. Mumati mbewa zake zikhala zotani?"

Tayi yavulidwa, manja a shati apindidwa. Ndatumidwa kukabwereka mbaula ya Tembo. Amalume awaula okha pakhonde, atumbula, awiritsa ndi mchere, aziumitsa pamakala, uku akuimba nyimbo ya kubusa. Munthu amene kubanki kwawo amamugwadira, lero wanjuta pakhonde langa akupemerera moto ndi nyuzipepala ya Bwana.

Yonenepa kwambiri andipatsa ine, mwini nyumba. Ndati ayambe akuluakulu. Akuti, "Idyani, mbewa yamanyazi idafera kuuna." Ndadya. Mutu, miyendo, mchira, zonse. Yachiwiri andiikira ndisanameze yoyamba. Ndamwetulira mpaka masaya kuwawa.

Aona pulasitala pachala, afunsa ngati chinandiluma. Ndati chinandiluma ndithu, ndipo sichinafune kusiya. Agwedeza mutu mokhutira. Akuti mlenje weniweni amadziwika ndi zala.

Potsanzika andigwira dzanja nthawi yaitali. "Ndinkakuyesani mwana wa m'tauni. Munthu wosunga mbewa m'firiji ku Amereka sangaiwale kwawo, ndipo sangataye mwana wathu. Ndilembera ku Dowa."

Agnesi sanadyeko ngakhale kamwendo. Watsalira pakhomo ngati akumanga nsapato, n'kunena motsitsa: "M'kabati muja ndaona bokosi lagalasi. Ndaonanso chikopa chofundula pa hang'ala ya suti yanu. Lolemba ndisadzachipeze chinthucho muno. Ndipo amalume asadzamve mpaka tsiku lowaika m'manda." Wandipsinja chala, chomwe chija, n'kutsika masitepe.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, m'mimba simuli bwino.

Bwana wapezeka. Watuluka yekha pansi pa khushoni ya sofa, mbali imene anakhala amalume. Wafundula, akunyezimira ngati nsapato yatsopano, maso ali gwa. Ndamunyamula ndi manja opanda golovesi, sanalume, sananunkhe. Wakwera pamkono, wadutsa paphewa, wakhazikika m'khosi. Ndakhala naye pa sofa, nyuzipepala ili m'manja, monga ndinakonzera. M'nyumba muli ine ndekha.

Tsopano ali ndi njala. Akuzungulira m'bokosi, lilime panja, kutsatira dzanja langa pagalasi. Ndatsegula firiji. Muli nkhuku basi. Ndamupepesa.

Foni yalira. Amalume. Kalata ya ku Dowa ailemba kale, chinkhoswe chichitika mwezi wa mawa kwawo ku Wheaton. Ndasangalala zenizeni, mpaka ndakhala pansi. Kenaka akuti auza abambo onse kutchalitchi, ena a ku Lanham ayamba kale kufunsa nambala yanga. Akuti pachinkhoswe nkhuku zikhalepo mwamwambo, koma ndiwo zenizeni ndibweretsa ine, zokwanira aliyense. Akutinso ine ndi iwo tidzadyera mbale imodzi, poti aona kuti ndimazikonda.

Ndati palibe vuto, amalume.

Mawa ndikwera sitima ndi bokosi lagalasi pamiyendo. Ndikabweza Bwana, ndikaitanitsa mbewa zodzaza firiji. Mzungu uja adzafunsa kuti ngati njoka ndabweza, nanga ndikudyetsa chiyani. Ndidzamuuza kuti ndapeza ina yaikulu, imakhala ku Wheaton, sikana chakudya, ndipo ndidzaidyetsa moyo wanga wonse.