Ulusi wa M'chiwala

Lolemba
Kalata yafika kuchokera ku Blantyre. Esinati, mzime wanga, akubwera Lamulungu. Zaka zitatu osamuona! Ali ndi pakati, ndipo akuti, "Amayi, mtima ukungofuna ziwala za kwathu, zokazinga inuyo."
Mawa ndilawirira kuphiri, mapiko a ziwala akadali onyowa ndi mame. Zofunika: thumba, nthambi yomenyera, mchere, mawondo atsopano. Zitatu zoyambazo ndili nazo.

Lachiwiri
Theka la thumba! Kale ine ndi malemu bambo a Esinati tinkadzaza awiri paphiri lomweli, iwo akuimba, ine ndikuwakalipira kuti akuzithawitsa.
Ndathothola mapiko, ndaviika m'beseni. Mayo ine! M'chiwala chimodzi mukutuluka chinthu. Chakuda, chowonda ngati ulusi wosokera, chotalika kuposa chikhatho changa. Mutu chilibe, maso chilibe, koma chikudzimanga mfundo chokha. Ndachitsekera m'botolo. Ziwala ndawiritsa, ndayanika pathandala. Koma mwana woyembekezera ndingamupatse zimenezi ndisanadziwe kuti n'chiyani?

Lachitatu
Ndapita nalo botolo kuchitsime. Mayankho ake:
aNaphiri: mwana wa njoka.
aNabanda: tsitsi la kumchira wa ng'ombe, likakhalitsa m'madzi limadzuka.
aGelemu, mlamu wanga, amene madzi satunga koma nkhani za kuchitsime saphonya: "Zotumiza izi, mlamu. Munayambana ndi ndani?"
Ndawauza kuti mudzi wonse, kuyambira iwowo.
Bambo a Esinati akanangoyang'ana kamodzi basi. Ankasiyanitsa phazi la fisi, la galu, ndi la mkamwini wothawa khasu.

Lachinayi
aNaphiri akuti ano ndi matipate, tiponye voti. Takweza manja pansi pa mkuyu. Njoka yawina, koma aNaphiri anakweza awiri, ndawaona ndi maso angawa. aNabanda akuti zaberedwa, atenga ndowa yawo yopanda madzi.
Zaka zijazi chinthu chotere tikanachikwirira kuseri, pakamwa tseke. Lero aliyense ndi dokotala. Chomwe tikuchikanganiracho chikungodzipota m'botolo, za voti sichikuzidziwa.

Lachisanu
Wapansi mpaka kuchipatala ku Mtengowanthenga. Ziwala ndasiyira aGelemu kuti aziona.
Anthu pamzere anyamula ana, ine ndanyamula botolo. Wa zaumoyo, bambo waulemu, waseka mpaka kuvula magalasi. "Agogo, si njoka iyi. Ndi nyongolotsi yokulira m'mimba mwa chiwala. Imachidya pang'onopang'ono, ikakhwima imachikokera kumadzi n'kutuluka. Mwa munthu sikhala. Kazingani bwino, adye."
Ndati chodyera mnzake m'kati n'kumusiya gwa, chimenecho ndikuchidziwa, ndinakwatitsako mwana wanga woyamba kwa chotero.
Ndabwera ndikuimba njira yonse. Kufika pakhomo, thandala lili mbee! Nkhuku zili phee pamthunzi, zokhuta ngati alendo a paukwati. aGelemu akuti, "Ndimaziona ndithu, mlamu, koma ndili patali. Zotumiza sayandikira."

Loweruka
Kuphiri kachiwiri, mawondo akulira. Osaka mbewa atentha tchire lonse dzulo, phulusa lokhalokha. Tsidya linalo udzu ulipo, koma muli waya wa esiteti ya fodya. Mlonda wake, wobwera dzana, akuti, "Agogo, kuno n'koletsedwa." Ine! Pamene waimapo ndi pamene ndinkamugoneka Esinati pachitenje ndikamapalira mawere.
Ndazungulira m'mbali mwa waya mpaka dzuwa pamutu. Ziwala zisanu ndi ziwiri basi. Chilichonse ndachiviika pachokha, ndikuchiyang'ana kumbuyo ngati mzamba. Palibe chatuluka. Ndakazinga, ndavundikira, ndakhalira pafupi.

Lamulungu
Wafika! Mimba kutsogolo, nkhope ya bambo ake yeniyeni. Ndalira, ndamutukwana kuti waonda, ndaliranso.
Ndavundukula mbale. Watembenuza nkhope, wagwira pakamwa. "Pepani amayi, kalatayo ndinalemba mwezi watha. Ziwala pano zikundichititsa mseru. Kodi chulu chija cha kuseri chikadalipo?"
Chikadalipo. Nanenso ndinkachiswa ndili ndi pakati pa iyeyo.
Pano ali komweko ndi kampeni, akutafuna dothi, akung'ung'udza nyimbo ngati kamwana. Ine ndili pakhonde ndi ziwala zisanu ndi ziwiri. Ndatola chimodzi, ndachiyang'ana pamimba, ndachibweza.
aGelemu akubwera apo, akuti zokazinga kale zilibe vuto. Adye.